Mgonero wa Chigiriki ku Makhanga: gondolosi, chitowe ndi mbale imodzi

Kuno ku Makhanga tilipo, kutentha ndi komwe kuja mukukudziwa, udzudzu nawonso sudziwa holide. Ndakhala chete kwa kanthawi chifukwa cha mulu wa makope ofunika kuchonga, koma lero ndati ndikhale pansi ndilembeko nkhani yomwe inabuka kuntchito sabata yatha, chifukwa mpaka pano ikundizungulirabe m'mutu.

Tili ndi mphunzitsi wina wachinyamata yemwe wangokwatira kumene. Pa buleki, tikumwa tiyi, mnyamatayu anatiuza kuti akufuna kuwakonzera akazi ake chakudya chamadzulo chapadera pa 14 February, tsiku la Valentine. Akuti anamva kuti Agiriki ndiwo akadaulo pa zakudya zodzutsa chilakolako m'banja, ndiye iye akufuna mgonero wa Chigiriki: kandulo patebulo, vinyo, uchi, nkhuyu, mafuta a olivi ndi zina zotero. Tonse tinafa nacho chiseko. Wina anati, "Achimwene, musavutike ndi za ku Ulaya, kamtolo kamodzi ka gondolosi kakwana." Wina anati chofunika ndi mtedza wauwisi ndi chinangwa basi. Koma mawu omwe anandikhala pamtima anachokera kwa bambo wina wachikulire yemwe anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwamuna kulowa kukhitchini chaka choyamba chomwechi? Ameneyu amudyetsa kale khuzumule."

Ndisaname, nanenso ndinaseka nawo. Koma nditafika kunyumba ndinachita manyazi, chifukwa ndinaona kuti mnyamatayo akulakwitsa pa chinthu chaching'ono pomwe ife omuseka tikulakwitsa pa chachikulu. Iye akuganiza kuti mphamvu ili mu zakudyazo, ndipo pamenepo waphonya. Koma maganizo oti mwamuna aphike ndi manja ake, akhale pansi adye ndi mkazi wake awiriwiri popanda wosokoneza, amenewo ndi mankhwala omwe mabanja ambiri kuno tikuwasowa.

Poti ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndiloleni ndiyambire kwa Agiriki komweko.

Mawu a Chingerezi oti aphrodisiac, otanthauza chakudya kapena mankhwala odzutsa chilakolako, anachokera pa dzina la Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi yemwe Agiriki akale ankamupembedza. Nthano zawo zimati iyeyu anabadwa kuchokera ku thovu la m'nyanja ndipo anatsikira pa chilumba cha Cyprus, n'chifukwa chake anthu ambiri amaika zakudya za m'nyanja m'gulu la zakudya zachikondi. Agiriki ankakhulupiriranso kwambiri timizu tina towawa tooneka ngati anyezi, totchedwa bolboi, tomwe anthu a pachilumba cha Crete amadyabe mpaka lero. Mukuonatu, nawonso anali ndi gondolosi wawo. Pa ukwati mu mzinda wa Athens, akwati ankadya keke ya chitowe ndi uchi ngati chizindikiro cha kubereka, ndipo akafika kunyumba ya mwamuna ankawawaza nkhuyu zouma ndi mtedza wa m'mitengo. Chitowe chake ndi chomwechi timalima kuno kuchigwa n'kumagulitsa kwa mavenda motchipa.

Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Agiriki omwewa, omwe dziko lonse limawatama pa nkhani ya chikondi, akakhala ndi phwando la alendo sankakhala limodzi ndi akazi awo. Phwando lakumwa lotchedwa symposium linali la amuna. Akazi omwe ankaloledwa kulowamo anali oyimba zitoliro, ovina ndi osangalatsa alendo, pomwe mayi wa pakhomo amakhala kuseri, kuchigawo cha amayi. Buku lotchuka la Plato lotchedwa Symposium limafotokoza za phwando lomwe akuti linachitika m'chaka cha 416 BC kunyumba ya mlembi wa masewero Agathon, komwe amuna anachezera usiku wonse kupikisana kulongosola tanthauzo la chikondi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi mkazi wake. Tangoganizani, kukambirana za chikondi mpaka tambala kulira, mayi ali yekhayekha kunyumba!

Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi zathu? M'makomo ambiri bambo amadyera patebulo kapena pakhonde, yekha kapena ndi alendo aamuna. Mayi amagwada, kusambitsa bambo m'manja, kenako n'kubwerera kukhitchini kukadya ndi ana zomwe zatsala mu mphika. Pa chilangizo timamuuza mkwatibwi kuti mwamuna ndi pamimba. Palibe yemwe amamuuza mkwati kuti mkazi nayenso ali ndi mimba, ali ndi msana womwe umatopa, ndiponso ali ndi nkhani zomwe amafuna kumuuza munthu. Ndiye usiku bambo yemweyu, atatafuna gondolosi tsiku lonse, akuyembekeza kuti mayi yemwe wadzuka 4 koloko m'mawa, watunga madzi, wapita kudimba, wachapa, waphika katatu, akhale ndi chimwemwe cha mtsikana. Zikakanika timanamizira zakudya.

Za khuzumule nazo Agiriki ankazidziwa. Katswiri wina wa milandu ku Athens, Antiphon, analemba mlandu womwe ulipobe mpaka lero. Malinga ndi wodandaula pa mlanduwo, mdzakazi wina ataona kuti mwamuna wake Philoneos akufuna kumutaya, ananyengedwa ndi mayi wina kuti athire mankhwala achikondi mu vinyo wa amuna awo onse awiri. Philoneos anafera pomwepo, mnzakeyo anadwala masiku 20 n'kumwalira. Papita zaka zoposa 2,400 koma mantha ake ndi omwewo: munthu akuona kuti chikondi chikuzilala, akuopa kulankhula, ndiye akuthamangira kuthira kanthu m'chakudya.

Nanga asayansi akuti chiyani? Mu 1989 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linagamula kuti pa mankhwala onse ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala omwe amati amadzutsa chilakolako, panalibe omwe anali ndi umboni wokwanira kuti amagwiradi ntchito komanso ndi osaopsa. Uchi ndi chakudya chabwino, umapatsa mphamvu msanga chifukwa ndi shuga. Mtedza ndi chitowe zili ndi mafuta abwino komanso zomanga thupi. Nsomba ndi yabwino ku mtima. Munthu wodya bwino thupi lake limayenda bwino paliponse, kuphatikizapo kuchipinda, koma zimenezi zimabwera ndi kadyedwe ka miyezi ndi zaka. Supuni imodzi ya uchi pa 14 February singasinthe kanthu pofika 9 koloko usiku. Gondolosi, yemwe asayansi amamutcha Mondia whitei, kafukufuku wake wambiri wachitikira pa makoswe, ndipo khoswe si mphunzitsi wa zaka makumi anayi wokhala ndi ngongole ya katapila. Wofuna kutafuna atafune, fungo lake ndi labwino, koma asaike banja lake lonse pa muzu.

Zoopsa kwenikweni ndi timabotolo ndi timapaketi tosadziwika bwino tomwe timagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi. Ena mukukumbukira kuti mu March 2019 boma la Zambia linaletsa chakumwa chotchedwa Natural Power SX, chomwe chinkagulitsidwanso kuno ku Malawi, atachipeza ndi sildenafil, mankhwala omwe ali mu Viagra. Amenewa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, anavomerezedwa ku America mu 1998, ndipo amafunika dokotala chifukwa munthu yemwe akumwa mankhwala ena a mtima akawaphatikiza, magazi amatha kutsika mphamvu mwadzidzidzi mpaka kukomoka kapena kufa kumene. Safunsa anadya phula. Ndipo azibambo anzanga, tiyeni tiuzane zoona: mphamvu zikayamba kuchepa kuchipinda, nthawi zina chimakhala chizindikiro choyamba cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kumeneko kofunika ndi kukayezetsa kuchipatala. Mowa nawo, makamaka kachasu, umakupatsa mtima wofuna koma n'kulanda thupi mphamvu zake.

Tsopano ndinene za ine mwini, chifukwa si bwino kuloza ena chala ndili chibisalire.

Inu omwe simunafikeko kuno, Makhanga ali m'dera la mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Chiyambireni pomwe madzi anadula njira ya pa Mtayamoyo mu 1997, wofuna kupita ku Bangula amadalira bwato. Mu January 2015 Ruo anasefukira n'kusintha njira yake, dera lathu linasanduka chilumba ndipo anthu ena anachita kupulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege. Zinabweranso mu 2019, kenako namondwe wa Ana mu 2022, kenako Freddy mu March 2023. Nkhani za madzi osefukira zimawerenga nyumba zogwa, mbuzi zokokoloka ndi mahekitala a mbewu. Palibe yemwe amawerenga mabanja omwe amazizira. Kumsasa abambo amagona kwaokha, amayi ndi ana kwaokha, masabata n'kumatha. Pobwerera kumabwinja aliyense mutu uli pa njerwa, malata ndi fizi. Mumayamba kulankhulana ngati makomiti a chitukuko: ufa watsala wochuluka bwanji, mwana walipira kodi, ngongole ija tibweza liti.

Madzi a 2023 anatitengera ziwiya pafupifupi zonse. Tinatsala ndi poto mmodzi ndi mbale ziwiri, ina ya ana, ina ya ife akuluakulu. Kwa masabata angapo ine ndi mayi a kunyumba tinkadyera mbale imodzi, titakhala pansi, mawondo akugundana. Pamenepo ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zonse za banja lathu, kudya maso ndi maso chonchi tinasiya mwana woyamba atangobadwa. Ndinaona zinthu zomwe sindinkaziona ndili patebulo panga: kuti iwo amasankha kachidutswa kakang'ono ka ndiwo n'kukankhira kwa ine kakakulu, kuti amasiya kudya msanga n'kunena kuti akhuta pomwe sanakhute. Tinkacheza, nthawi zina mpaka kuseka, pakati pa mavuto onsewo. Ndiye tamverani zomvetsa chisoni: titangopeza ndalama n'kugula mbale zatsopano, aliyense anabwerera pamalo pake, ine patebulo, iwo kukhitchini. Zomwe madzi anatiphunzitsa tinaziiwala pasanathe mwezi.

Patapita nthawi ndinaganiza zoyesa dala. Tsiku lina Loweruka ndinatumiza ana kwa azakhali awo, ndinapita kumsika ndekha, n'kuwauza mayi kuti lero asagwire mthiko. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Abambo, mwalakwa chiyani? Nenani ndisanadye." Funso limeneli linandipweteka kuposa mmene iwo ankaganizira, chifukwa linandionetsa kuti kwa zaka zonsezi ubwino wanga unkabwera pokhapokha ndikafuna kupepesa. Mpunga unapserera pansi, mchere unachuluka mu nsomba, utsi unandiliza misozi. Anansi odutsa anaona ndipo mawa lake nkhani inali ponseponse. Koma usiku umenewo tinacheza mpaka nyali kuzima, ndipo ndinamva zinthu zomwe mayi anazisunga mumtima zaka zingapo. Zina zinali zowawa kumva. Zotsatira zake sindinena, ana asukulu anga ena amadziwa kuwerenga.

Choncho kwa mphunzitsi mnzanga uja, ndi wina aliyense wofuna mgonero wa Chigiriki, malangizo anga ndi awa. Musavutike kuitanitsa zinthu ku Blantyre. Chakudya cha Agiriki ndi cha anthu wamba a m'mbali mwa nyanja: nsomba, ndiwo zamasamba, mkaka wowawasa, nyama ya mbuzi kapena nkhosa, uchi. Zonsezi chigwa cha Shire chili nazo.

Yambani ndi nsomba. Pezani mphende kapena makakana akuluakulu a ku Elephant Marsh, aawisi. Achekeni mizere m'mbali, pakani mchere, adyo wosinja, madzi a mandimu ndi mafuta pang'ono, zikhale theka la ola, kenako wotchani pa makala a moto wofatsa. Agiriki amawotcha nsomba chimodzimodzi, kusiyana kwake iwo amathira mafuta a olivi. Ngati nsomba yasowa, dulani nyama ya mbuzi timagawo ting'onoting'ono, inyikeni mu mandimu ndi adyo, tungani pa timitengo n'kuwotcha. Iwo amati souvlaki, ife timati kanyenya.

Pambali pake ikani tomato, minkhaka ndi anyezi zodula mokulirapo, mchere ndi mandimu. Imeneyi ndiyo saladi ya kumudzi ya Agiriki, kungoti iwo amaonjezera zipatso za olivi ndi tchizi chotchedwa feta. Musadandaule kuti yanu ndi yoperewera. Tomato anachokera ku America ndipo anafika ku Ulaya patapita zaka zoposa 1,800 Plato atamwalira, ndiye kuti iye sanamulaweko n'komwe. Tsukani zonse ndi madzi otetezedwa, chifukwa February ndi nyengo ya kolera ndipo palibe chikondi chomwe chimapirira kutsegula m'mimba.

Kenako tengani chambiko, chikhale cha mkaka wowiritsa kapena cha m'sitolo, chisefeni pa kansalu koyera mpaka chilimbe. Theka lake sakanizani ndi minkhaka yopala yofinyidwa madzi, adyo pang'ono ndi mchere. Agiriki amachitcha tzatziki, ndipo chimakoma ndi nyama yowotcha. Theka linalo sungani, mudzathire uchi ndi mtedza wokazinga pamwamba kuti mudye pomaliza.

Chomwe ndimachikonda kwambiri ndi pasteli, switi ya chitowe ndi uchi, mdzukulu wa keke ya ukwati ija. Kazingani kapu imodzi ya chitowe mpaka chiyambe kununkhira, osachipsereza. Wiritsani theka la kapu ya uchi kwa mphindi pafupifupi zisanu mpaka uchite thovu, thiranimo chitowe, takasani, yalani pa mbale yopaka mafuta, ndipo dulani chisanaume. M'malo mwa nkhuyu zouma ikani masau ouma. M'malo mwa vinyo sungunulani malambe kapena bwemba, muziziritse mu mtsuko. Nsima kapena mpunga zisasowe, tisanamizane, Mmalawi sagona ndi saladi.

Koma zofunika kwambiri sizili mu poto. Ana apite kwa agogo kapena kwa azakhali, ndipo mukonze zimenezi ndinu bambo. Foni izimitsidwe, mpira wa pa wailesi udikire. Madzi mutunge nokha, mbale mutsuke nokha, chifukwa mgonero womwe umasiyira mayi mulu wa mapoto m'mawa ndi ntchito yomwe mwangoisintha nthawi. Kandulo ikhale kutali ndi neti ndi denga la udzu, kapena ingogwiritsani nyali ya sola. Nkhani ya ngongole ndi ya achibale isalowe. Funsani funso limodzi, kenako tsekani pakamwa mumvetsere. Ndipo chakudyachi chisakhale ngati malipiro oti mayi abweze usiku womwewo. Ngati atopa, atopa. Mwawaphikira chifukwa ndi akazi anu.

Ndikudziwa ena anena kuti, aphunzitsi, February ndi mwezi wa njala, anthu ena kuno amafika podya nyika za m'dambo, inu mukukamba za saladi? Funsoli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Wotenga ndalama ya ufa kapena ya fizi kukagula vinyo kuti aoneke wachizungu ndi wopusa. Koma zomwe ndikunenazi sizidalira thumba. Ife tinaziphunzira kumsasa, pa nsima ya ufa wolandira ndi nyemba. Ngati zomwe zilipo ndi mbatata yowotcha ndi therere, phikani zomwezo, yalani mkeka, khalani awiri. Ndipo palibe lamulo loti zichitike pa 14 February. Mutha kudikira mpaka mukolole, tomato atatchipa.

Ena anena kuti ndi chikhalidwe chachilendo, makolo athu sankatero koma mabanja ankalimba. Makolo anali ndi zifukwa zawo, ndipo anali ndi nthawi zawonso zokhalira limodzi: ankalima munda umodzi kuyambira m'mawa, ankapalasa bwato limodzi, madzulo ankaotha moto umodzi. Ife lero bambo ali kuntchito kapena ku Joni, mayi ali ku geni, madzulo aliyense maso pa foni. Tasunga mwambo wodya mosiyana koma zomwe zinkawalumikiza makolowo tinazitaya. Komanso tisamanene kuti mabanja onse akale ankalimba chifukwa cha chikondi. Ena ankalimba chifukwa mayi analibe kolowera.

Ndipo kwa bambo aja anati mnyamatayo amudyetsa khuzumule, yankho langa ndi ili: ambiri a ife tinakhalapo pa ubatchala, tinkaphika tokha kusukulu ya uphunzitsi ndi kumalo athu oyamba a ntchito, ndipo palibe yemwe anasanduka mkazi. Manja omwewo sanapuwale pa tsiku la ukwati. Anyamata omwe timawaphunzitsa amaona zomwe timachita kunyumba kuposa zomwe timalemba pa bolodi. Ngati sanaonepo bambo akupatsa mayi mbale, tisadabwe akadzakula n'kumakafuna chikondi mu kabotolo ka mumsika.

Lolemba ndinamuitanira pambali mnyamata uja n'kumupepesa chifukwa choseka nawo. Ndamulonjeza kapu ya chitowe cha kumunda kwathu, uchi akapeza yekha. Ndamuuzanso kuti asadikire kuti madzi adzamutengere mbale ndiye adzaphunzire kudya ndi mkazi wake.

Paja kuno anzathu a Chisena akafuna kuthokoza amati "takhuta". Ndinakhala zaka zambiri ndikulimva liwu limeneli osaliganizira. Usiku wa mpunga wopserera uja, titamaliza kudya, mayi anasamba m'manja, n'kundiyang'ana, n'kunena liwu lomwelo. Sindinafunse ngati ankanena m'Chisena kapena m'Chichewa.

Ndibwerere ku makope anga, tikumananso.